Mwana wanga sakugona ataonera gawo loopsa la Scooby-Doo, ndimvere ndani?

Mayi wina wa ku Lilongwe watilembera motere: "Ndili ndi ana awiri, mnyamata wa zaka 10 ndi mtsikana wa zaka 5. Loweruka lapitali madzulo anaonera katuni ya Scooby-Doo pa foni ya bambo awo, gawo lija la chinthu chovala ngati munthu wopita kumwezi koma mutu wake chibade, chimaseka moopsa. Kuyambira tsiku limenelo wamng'onoyu akukana kugona yekha, akumadzuka usiku akulira kuti chikuseka panja, ngakhale kuchimbudzi akufuna ndimuperekeze. Achimwene ake akuti limenelo ndiye gawo lokoma kuposa onse ndipo akumatsanzira kasekedweko dala. Bambo awo akuti iwonso anaonera zomwezo ali mwana koma sanafe nazo, apongozi anga akuti ndi zausatana tiletse makatuni onse m'nyumba. Anzanga ena akuti palibe vuto ena akuti ndalakwitsa. Ine mutu waima, ndimvere ndani?"

Mayi, choyamba mtima pansi. Zimene mwafotokozazi ndimakumana nazo kawirikawiri pa ntchito yanga yothandiza ana aang'ono ndi makolo awo, mwana wanuyo sanalodzedwe, mutu wake uli bwinobwino, komanso si kuti ndi wamantha kuposa anzake ayi. Mwana wa zaka 5 akaona chinthu choopsa pa TV kapena pa foni n'kuyamba kukana kugona yekha ndi zachibadwa, ndipo ana ambiri zimawathera pakapita masiku angapo kapena masabata ochepa, bola akuluakulu pakhomo asamuseke komanso asamuwonjezere mantha. Nditawerenga uthenga wanu ndaona kuti pakhomo panupo palibe amene akunama, aliyense akunena zimene iyeyo waona. Kungoti mwana wa zaka 10 ndi wa zaka 5 akakhala pamodzi kuyang'ana foni imodzi, zimene zimalowa m'mutu mwawo zimasiyana kutalitali, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse.

Gawo limene mukunenalo ndikulidziwa bwino, limatchedwa Spooky Space Kook, la mu Scooby-Doo, Where Are You! yoyambirira ija imene inayamba kuonetsedwa pa wailesi ya kanema ya CBS ku America pa 13 September 1969, gawo limeneli linatuluka mu December chaka chomwecho. Nkhani yake imayenda chonchi: galimoto ya achinyamata aja, Fred, Daphne, Velma, Shaggy ndi galu wawo Scooby, yatha mafuta usiku kudera la kumudzi, apita pakhomo pa mlimi wina kukapempha thandizo, mlimiyo akuwauza kuti kuderako kukumaoneka chombo chachilendo mumlengalenga, kenako aona mapazi owala pansi, pambuyo pake akukafika pa bwalo la ndege lakale limene linasiyidwa. Kumeneko ndiye kuli chinthucho, m'chipewa chake chagalasi muli chibade, chikamaseka mutu umayaka mofiira ndipo kusekako ndi kwa mawu okwera, kosalekeza, kongochita kulowa m'khutu. Kumapeto chimagwidwa, zovala zija n'kuchoka, n'kupezeka kuti ndi munthu wamba, mnansi wa mlimi uja dzina lake Henry Bascomb. Iyeyu anamva kuti asilikali a ndege akufuna kutsegulanso bwalolo ndipo adzafuna malo ochuluka, ndiye amafuna aopseze anthu athawe kuti iye agule minda yawo motchipa. Zoopsa zonse zija zinali pulojekita, masipika ndi zopaka zowala mumdima basi.

Anthu amene anaonera gawo limeneli amagawikana maganizo mpaka lero, osati kwanu kokha. Pali amene amalikonda kwambiri, amati mwa zoopsa zonse za mu Scooby-Doo yakale ija chimenechi ndiye chinapangidwa mwaluso, amayamikira mdima wa pabwalo la ndege lija, mashedi opanda munthu, makina ongoyaka okha. Pali ena amene amati nkhani yake ndi yofooka chifukwa wolakwayo sitimuona mpaka kumapeto, ndiye woonera alibe mpata woganizira yekha kuti angakhale ndani, ndipo pa mfundo imeneyi ine ndimagwirizana nawo. Koma gulu limene limandikhudza kwambiri ndi la akuluakulu amene anaonera ali aang'ono, ambiri akamafotokoza amatchula chinthu chimodzi, kuseka kuja. Dzina la wolakwayo sakumbukira, nkhani ya minda sakumbukira, koma kasekedwe amakutsanzirirani pompo. Tayesani kufunsa bambo a anawo modekha kuti kodi munthu anali m'zovala muja anali ndani ndipo amafuna chiyani, mwina mudzapeza kuti nawonso chimene chinatsala m'mutu ndi chibade ndi kuseka. Izi zikutiuza kuti kwa mwana wamng'ono mphindi pafupifupi 20 za mantha zimalemera kuposa mphindi ziwiri za kumapeto zofotokoza kuti zonse zinali zabodza.

Komanso mudziwe kuti nkhawa ya apongozi anu si yachilendo, eni ake katuniyi anali nayo asanaitulutse n'komwe. Cha m'ma 1968 makolo ku America anadandaula kwambiri ndi makatuni a ndewu amene ankaonetsedwa Loweruka m'mawa, panali mpaka bungwe la makolo lotchedwa Action for Children's Television, ndiye kampani yopanga makatuni ya Hanna-Barbera inafunika kubweretsa china chopanda nkhonya ndi mfuti. Joe Ruby ndi Ken Spears ndi amene analemba, Iwao Takamoto n'kujambula anthu ake ndi galuyo. Atapita nazo koyamba kwa mabwana a CBS zinakanidwa, akuti zojambulazo zinali zoopsa kwambiri kwa ana. Anabwerera kukakonza, galu wamantha wokonda kudya uja n'kumuika patsogolo, nthabwala n'kuchuluka, mpaka anaikamo mawu a anthu oseka kumbuyo kuti mwana azidziwa kuti apa ndi poseka. Ndiye katuniyi inapangidwa mwadala kuti iziopseza pang'ono kenako n'kuchotsa manthawo povula chigoba. Kwa mwana wa zaka 8, 9, 10 njira imeneyi imagwira bwino zedi, n'chifukwa chake mnyamata wanu akuti ndi gawo lokoma, iyeyo amadziwa kale kuti kumapeto kuli munthu, ndiye mantha ake amakhala okoma, mtima umagunda koma akudziwa kuti ali pabwino. Kwa wa zaka 5 njirayi nthawi zambiri imakanika.

Chifukwa chake n'chakuti mwana wosakwana zaka 7 kapena 8 amaweruza chinthu ndi maonekedwe ndi kamvekedwe kake. Chikaoneka choopsa ndiye kuti n'choopsa basi, zilibe kanthu kuti nkhani ikuti chiyani. Pulofesa wina wa ku University of Wisconsin ku Madison, Joanne Cantor, anatha zaka zambiri akufufuza mantha amene ana amatenga pa TV, ndipo m'ma 1980 iye ndi anzake anaonetsa ana a misinkhu yosiyana pulogalamu ya The Incredible Hulk, ya munthu amene amasanduka chimphona chobiriwira. Ana aang'ono ankaopa kwambiri munthuyo akasanduka chimphona, chonsecho chimphonacho chimabwera kudzapulumutsa anthu. Ana okulirapo ankaopa poyamba, pamene munthu ali pangozi, chimphona chikatulukira mtima wawo umakhala m'malo. Ndi zomwezi zachitika kwanu. Kwa mtsikana wanu, munthu uja wa kumapeto ndi chinthu choseka chija ndi zinthu ziwiri zosiyana, munthuyo wagwidwa inde, koma chija chidakali kwinakwake, mwina kuseri kwa nyumba. Pa msinkhu umenewu malire pakati pa zenizeni ndi zongoyerekeza amakhala asanakhwime, ndipo usiku kukada, magetsi akathima, galu wa aneba akauwa kapena mphepo ikagwedeza malata, mutu wake umalumikiza phokosolo ndi chimene anaona.

N'chifukwa chake mawu oti "iwe zimene zija si zenizeni, ndi katuni chabe" sathandiza kwenikweni pa mwana wa zaka 5, ngakhale muwabwereze kakhumi. Sindikuti musamuuze, muuzeni ndithu chifukwa ndi choonadi, koma musadabwe akavomera masana n'kulirabe usiku. Chimene chimagwira ntchito pa msinkhu umenewu ndi thupi: kumunyamula, kumufunditsa chitenje chanu chimene chili ndi fungo lanu, kumupatsa chidole kapena kapilo koti akumbatire, kukhala pambali pake mpaka tulo titabwera, mawu anu otsika. Akadzuka usiku akulira musayambe kumufunsa mafunso ambiri kuti walota chiyani, chimaoneka bwanji, chifukwa mukatero mukumujambulitsanso chithunzicho m'mutu. Mungomugwira, "ndili pompano, uli m'nyumba mwathu, chitseko n'chotseka", mumumwetse madzi pang'ono, agone. Zokambirana muzisunge mpaka kuche. Nkhani ya kuchimbudzi musalimbane naye, makamaka ngati chimbudzi chili panja, muperekezeni basi, kapena muikireni kandowa m'chipinda kwa masiku angapo, ndipo mumupatse tochi yakeyake yoti aziyatsa yekha. Ana amalimba mtima kwambiri akakhala ndi chinthu m'manja choti iwo eni alamulire. Ngati akufuna kugona nanu kwa masiku awiri atatu palibe chimene chawonongeka, kenako muzimubwezera pogona pake pang'onopang'ono, lero mwakhala pabedi pake mpaka wagona, mawa mwakhala pampando, mkuja mwaima pakhomo.

Masana ndiye nthawi yogwira ntchito yeniyeni, ndipo njira imene ndaiona ikuthandiza ana ambiri ndi yoti mwana avule chigoba ndi manja ake. Ndikukumbukira kamnyamata kena ka msinkhu womwewu kamene kanasiya kulowa m'chipinda chosungira katundu chifukwa cha chinthu china cha mu katuni. Tinatenga katoni yakale ya sopo, tinaboola maso awiri, iye yekha n'kujambulapo mano ndi makala, mano ake aakuluakulu mpaka m'mbali. Poyamba anakana kuivala, anangoiika pansi n'kumaiyang'ana ali chapatali. Kenako anaiveka mayi ake, n'kuivula msanga, n'kuyang'ana nkhope ya mayi akewo ngati akufuna kutsimikiza kuti akadali omwewo, n'kuivekanso, n'kuivulanso, anabwereza kambirimbiri mpaka anayamba kuseka. Pamapeto anaivala yekha n'kumathamangitsa nkhuku pabwalo. Chimene anaphunzira pamenepo palibe akanamuuza ndi pakamwa, anachita kuona kuti nkhope yoopsa imachoka ndipo munthu wa m'kati sasintha. Inunso mukhoza kuchita chimodzimodzi, koma lamulo lake ndi loti zichitike dzuwa likuwala, mwanayo ndi amene azitsogolera, ndipo wina asamudzidzimutse nacho. Akakana musiyeni, mudzayesenso tsiku lina.

Popeza chimene chikumuvutitsa kwambiri ndi kuseka kuja, pali kanthu kena kamene kangamuthandize. Munthu amene anaseka kuseka koopsako ndi Don Messick, yemweyo amene ankalankhula mawu a Scooby. Ana ambiri akamva zimenezi amadabwa, eti bambo mmodzi yemweyo ndi amene akupanga mawu a galu wokondedwa uja komanso a chinthu choopsacho, ataima pa maikolofoni mu situdiyo. Mukhoza kumujambula mawu mwana wanuyo pa foni akuseka moopsa m'mene angathere, inunso museke, agogo akenso ngati angalole, kenako muzimvetsera limodzi, pa WhatsApp mukhoza kuwathamangitsa mawuwo kuti amveke mwachilendo. Akamva mawu ake omwe akumveka ngati chilombo amayamba kumvetsa kuti phokoso loopsa limachita kupangidwa ndi anthu.

Funso limene makolo amandifunsa kwambiri ndi loti kodi aonerenso gawolo kuti azolowere kapena asalionenso. Ine yankho langa ndi loti musamukakamize ngakhale pang'ono. Maganizo oti mwana muzimuonetsa chimene akuopa mpaka mantha atathe amabweretsa mavuto ngati mwanayo sanakonzeke, ena amafika poopa ngakhale nyimbo yoyambira katuniyo. Koma iye akapempha yekha, ndipo ana ena amapemphadi chifukwa amafuna kuchigonjetsa chinthucho, muloleni, masana, ali pamiyendo panu, voliyumu yotsika, rimoti kapena foni ili m'manja mwake kuti aimitse pamene wafuna. Ine ndimakonda kuyambira kumapeto, aone kaye munthu akutuluka m'zovala zija, kenako mubwerere kumayambiriro muzimuuza kuti "waona, ndi bambo aja avala". Chimene muyenera kupewa ndi kuthimitsa pakatikati mwana atayamba kale kuopa n'kumuuza kuti kagone, pamenepo amapita kukagona ndi chilombo chimene sichinagwidwe.

Mnyamata wanu musamukalipire kwambiri, pa zaka 10 kuopseza mlongo wake amaona ngati masewera, sakudziwa kuti mwanayo akuvutikadi. Mukhale naye pansi awiriwiri mumuuze mosapita m'mbali kuti kutsanzira kuseka kuja kwatha, makamaka kukada. Kenako mumupatse udindo, akhale iye woperekeza mlongo wake ndi tochi, kapena wofotokoza m'mene pulojekita imagwirira ntchito, anyamata a msinkhu umenewu akapatsidwa udindo amasintha msanga. Ndipo musaganize kuti iyeyo alibe zoopa zake. Ana a zaka 9 mpaka 12 saopa kwenikweni zibade za mu katuni, amaopa zinthu zimene zingachitikedi, akuba kuthyola nyumba, moto, ngozi ya pamsewu, imfa ya makolo. Mavidiyo a ngozi ndi a anthu akumenyedwa amene timatumizirana pa foni aja ndi amene angamusowetse tulo iyeyo, ndipo mwina sangakuuzeni chifukwa akufuna kuoneka wamkulu.

Bambo a anawo akunena zoona kuti katuni yakale ija payokha siwononga mwana, koma pali chimene ayenera kuchidziwa chifukwa foni inali yawo. Dzina loti Scooby-Doo lili pa zinthu zambiri zosiyana kwambiri, ndipo si zonse zimene zimatha ndi kuvula chigoba. Mu The 13 Ghosts of Scooby-Doo ya 1985 mizukwa yake ndi yeniyeni m'nkhanimo. Filimu ya Scooby-Doo on Zombie Island ya 1998 nayonso zilombo zake ndi zenizeni, muli anthu akufa akutuluka m'nthaka, ambiri amaiyamikira kuti ndi yokoma koma ine sindingaonetse mwana wa zaka 5. Scooby-Doo! Mystery Incorporated imene inayenda kuyambira 2010 mpaka 2013 nkhani yake ndi yolemera ndipo ikamapita kumapeto imada kwambiri, imayenera ana okulirapo. Ndiye pali Velma ya 2023, imeneyo inapangidwira akuluakulu, muli magazi ndi zolaula, si ya ana n'komwe ngakhale anthu ake ndi omwewo. Kuwonjezera apo pa YouTube pali mavidiyo opangidwa ndi anthu wamba amene amatenga makatuni a ana n'kuwasandutsa zoopsa zenizeni, ndipo foni ikasiyidwa kuti izingopitiriza yokha vidiyo ina ikatha, mwana amakafika kumeneko inu muli kukhitchini. Ndiye pemphani bambowo athimitse zoti mavidiyo azingotsatizana okha, ndipo ngati n'kotheka ana aziwonera pa TV pabalaza pomwe wamkulu akudutsadutsa, osati pa foni kuchipinda. Ndingakondenso mutafunsa mnyamatayo kuti tsiku limenelo anaonera gawo lokhalo kapena panabweranso zina pambuyo pake.

Tsopano za apongozi anu, apa pakufunika ulemu komanso kunena zoona. Iwo akulankhula chifukwa chokonda mdzukulu wawo, amuona akulira usiku ndipo akufuna kumuteteza, zimenezo tiziwayamikira. Banja lililonse lili ndi ufulu wosankha zimene ana aziwonera molingana ndi chikhulupiriro chawo, mukagwirizana kuti za mizukwa m'nyumba mwanu ayi, palibe cholakwika, makatuni ena alipo ambiri. Koma pa gawo limeneli, ndi magawo onse 25 a mu 1969 ndi 1970, mulibe mzukwa weniweni ngakhale umodzi, pafupifupi nthawi zonse amapezeka ndi munthu wadyera amene akugwiritsa ntchito mantha a anzake kuti apeze malo, chuma kapena abise umbava wake. Chimene ndikupempha kwambiri n'chakuti mawu oti ziwanda kapena zausatana asanenedwe mwanayo akumva. Tangoganizani, inu mukumuuza kuti ndi munthu wovala chigoba, agogo ake amene amawakhulupirira kwambiri akunena kuti ndi chiwanda, mwana atenga ziti? Atenga zoopsazo, ndipo tsopano mantha ake atsimikiziridwa ndi munthu wamkulu. Kupemphera naye pogona ndi kwabwino kwambiri ngati ndi mwambo wanu, pemphero lalifupi, lofatsa, loyamika ndi kupempha tulo tabwino. Koma pemphero lofuula lothamangitsa mizimu m'chipinda chake usiku limamuuza mwana kuti m'chipindamo munalidi chinthu. Nkhaniyi ndi bwino awafotokozere ndi mwana wawo, bambo a anawo, inu mungothandizira, kuti isasanduke mkangano wa mkamwana ndi apongozi.

Ndiwonjezere kuti ana athu kuno samva zoopsa pa TV pokha. Amamva akuluakulu akukamba za afiti ouluka usiku, amamva mphekesera za anamapopa, ndipo tonse tikukumbuka m'mene mu 2017 mphekesera zimenezi zinaphetsera anthu osalakwa ku Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi madera ena akummwera. Enafe timaopsezanso ana tokha kuti agone msanga, "gona fisi akubwera", "ukalira ndikuitanira a jakisoni". Mwana amene wakula akumva zimenezi akaona chibade choseka pa foni, moto umagwera pa udzu wouma kale. Ndiye masiku ano yesetsani kuti nkhani zotere zisakambidwe iye ali pomwepo ndipo aliyense pakhomo, kuphatikizapo wantchito ngati muli naye, asiye kumuopseza kuti amvere. Kwa mnyamata wa zaka 10 uja ndiye ndimaona kuti katuniyi ili ndi phindu lenileni, imamuphunzitsa kufunsa kuti kodi umboni uli pati, ndipo akupindula ndani anthu akamaopa chonchi. Mukamaonera naye muzimufunsa mafunso amenewa, ndi nzeru imene adzaifune akakula.

Pa nkhani ya tulo pali zinthu ziwiri zimene makolo amazisokoneza. Maloto oopsa amabwera kwambiri chakum'bandakucha, mwana amadzuka ndithu, amakuzindikirani, amafuna mumunyamule ndipo m'mawa amatha kukumbukira zimene analota, zimene mwafotokozazi zikufanana ndi zimenezi. Koma pali china chimene chimachitika maola awiri kapena atatu oyambirira atangogona, mwana amakuwa, maso ali tong'o, thukuta lili kamukamu, koma sakukuzindikirani, mukamugwira amakukankhani, pakapita mphindi zingapo amagonanso ndipo m'mawa sakumbukira chilichonse. Chimenechi chimaopsa makolo kuposa mwana, chimabwera kwambiri mwana akatopa kapena akamagona mochedwa, ndipo sichifuna kumudzutsa, mungoonetsetsa kuti asagwe kapena kudzipweteka. Pa zonse ziwiri mankhwala ake oyamba ndi tulo tokwanira pa nthawi yofanana tsiku lililonse. Mwana wa msinkhu wake amafunika maola 10 kapena kuposerapo. TV ndi foni zizithima ola limodzi asanakagone, ola limenelo likhale losamba, nthano yofatsa kapena nyimbo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO mu 2019 linalangiza kuti ana a zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku akuyang'ana sikirini, wanuyo wangodutsa kumene msinkhu umenewo ndiye musatalikire kwambiri pamenepo. Ndipo chonde musamupatse Piriton kapena mankhwala ena aliwonse kuti agone, ndikudziwa kuti ena amatero koma mantha sathera pamenepo ndipo mukhoza kubisa matenda ena.

Nanga mpite liti kukafuna thandizo? Ngati kulira kwa usikuko kukubwera ndi kutentha thupi, kusanza, kufooka kapena kubwebweta, iwalani za katuni, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo akamuyeze malungo, chifukwa malungo mwa ana amayambitsa maloto oipa ndi kusokonezeka ndipo sadikira. Ngati usiku akumauma thupi, kuphupha, kutuluka thovu kukamwa, kudziluma lilime kapena m'mawa akumadzuka wofooka modabwitsa, akamuone adokotala kuti atsimikize ngati si khunyu, ndipo mukakwanitsa mujambuleni kavidiyo zikamachitika kuti mukawaonetse. Ngati patha mwezi mantha osachepa kapena akungokulirakulira, wayamba kukana kupita kusukulu, sakudya, sakusewera ndi anzake, wayambiranso kukodza pogona pomwe anali atasiya kalekale, kafotokozeni kuchipatala chapafupi, akhoza kukutumizani kwa anamwino kapena alangizi oona za maganizo.

Chomaliza ndi chovuta kuchinena koma ndiyenera kuchinena. Nthawi zina mwana amagwiritsa ntchito chilombo cha mu katuni pofotokoza chinthu chenicheni chimene alibe mawu ake. Mukaona kuti mantha ake akukhudza munthu wina wake, kapena akukana kutsala ndi winawake, kupita nyumba inayake, akudandaula kuwawa kumalo obisika, kapena akunena kuti chinthucho chimamugwira kapena chinamuuza kuti asaulule, musamukalipire ndipo musamuikire mawu m'kamwa, mumvetsereni modekha n'kumukhulupirira. Pitani naye kuchipatala, ndipo mukhoza kuimba 116, nambala yaulere yothandiza ana kuno ku Malawi, kapena kupita ku ofesi ya Social Welfare ya m'boma lanu. Mu uthenga wanu sindinaonemo chizindikiro chotere, ndiye yambani ndi tochi, chitenje, katoni ya sopo ndi kukambirana ndi achimwene ake aja, muone m'mene zikhalire masabata awiri akubwerawa, zikapanda kusintha mundilemberenso mundiuze nthawi imene akumadzuka usiku ndi zimene akumanena akadzuka.